Pulagi kulowa sindiye kuti zagwirizana: mmene mungadziwire ngati adaputa ikuyenera kamera yanu

Sabata yatha ndinaitanidwa ku Mufakose, muno mu Harare, kwa amalume ena, achikulire ndithu, obadwira konkuno koma kwawo ndi ku Dedza. Ali ndi kashopu pa geti, ndipo mwana wawo amene ali ku Joni anawatumizira makamera anayi kuti aziona zochitika pa shopu usiku. Adaputa ya kamera imodzi inafa tsiku lina magetsi atabwera, iwo anatsegula dilowa nkupezamo tchaja ya laputopu ya mdzukulu wawo, anayesa kulowetsa, yalowa bwinobwino ngati ndi yake, ndiye anayatsa. Akuti anangomva kafungo ka pulasitiki yopsa basi, kamera osayakanso. Tchaja ija inali ya 19V pomwe kamera imafuna 12V. Zinandipweteka kwambiri chifukwa ndi ndalama ya mwana amene akuvutikira kunja, ndipo zikanapeweka ndi mphindi ziwiri zokha zowerenga zomwe zalembedwa pa zinthu ziwirizo. Nde ndati ndilembe izi abale anga. Ndakhala ndikumanga makamera mu Harare muno zaka zingapo ndithu, ndipo pa mavuto omwe anthu amandiitanira, ambiri sakhala a kamera ayi, amakhala a chomwe chikuipatsa moto.

Timapulagi tozungulira tija timafanana pa zinthu zambirimbiri, decoder, router, sipika, laputopu, nyale, koma moto womwe ukutuluka mmenemo ndi wosiyana kwambiri. Pulagi sidziwa kuti ikulowa pati. Ndinu amene muyenera kudziwa, ndipo sizovuta, bola muzitsatira bwino.

Choyamba yambani ndi kamera, osati adaputa. Ngati ili pamwamba kwerani pa makwerero ndi foni mujambule kasitika kake. Kamera iliyonse imakhala ndi kasitika pansi pake kapena pa waya, ndipo pamalembedwa zinthu monga DC 12V 0.5A kapena 12V Max 6W. Ngati kasitika kafufutika ndi dzuwa ndi mvula, zomwe zimachitika kwambiri pa makamera apanja, onani pa katoni yomwe inabweramo, kapena tengani nambala ya modelo muisake pa intaneti muone zomwe kampani yake inalemba. Musamangoti poti ya aneba ndi ya 12V ndiye yanganso ndi chimodzimodzi. Nzoona kuti makamera ambiri a CCTV, a Hikvision, Dahua ndi ena ofanana nawo, ndi a 12V DC, koma timakamera ta WiFi ta m'nyumba toonera pa foni tija tambiri timadya 5V kudzera pa USB, tina ta Tapo timadya 9V, ndipo makamera akuluakulu otembenuka okha aja otchedwa PTZ, omwe mumawaona pa mafakitale ku Workington ndi ku Graniteside, ambiri amafuna 24V AC. Lembani pa pepala zinthu zitatu izi: ma volts, kaya ndi DC kapena AC, komanso ma amps kapena ma watts.

Kenako tengani adaputa muitembenuze. Pali mizere iwiri yofunika, INPUT ndi OUTPUT. INPUT ndi moto womwe imalandira ku khoma. Magetsi a kuno ku Zimbabwe ndi apakati pa 220V ndi 240V, 50Hz, chimodzimodzi ndi kwathu ku Malawi, ndiye ngati palembedwa 100-240V 50/60Hz palibe nkhawa. Chenjezo lili pa katundu wochokera ku America, abale athu akatumiza kamera pamodzi ndi adaputa yake, zina zimakhala za 120V yokha, ndipo imeneyo mukaiika pa soketi ya kuno imapsa nthawi yomweyo, nthawi zina nkupsereza ndi kamera yomwe. Maonekedwe a mano a pulagi si vuto lalikulu. Za ku Joni zodutsa pa Beitbridge zimabwera ndi mano awiri opyapyala kapena atatu akuluakulu ozungulira pomwe masoketi ambiri kuno ndi a mano atatu a fulati, gulani chosinthira cholimba basi. Koma chonde lekani zokankha mano awiri mu soketi potsegula bowo la pamwamba ndi kiyi kapena sikuludiraiva, pulagi imakhala ikugwedera, moto umathetheka mkatimo ndipo adaputa sichedwa kufa, komanso nyumba zimapsa ndi zomwezi.

Tsopano OUTPUT, moto womwe adaputa imatulutsa kupita ku kamera, apa ndi pamene pagona nkhani. Ma volts a adaputa akhale ofanana ndendende ndi a kamera. 12V pa 12V, 5V pa 5V, 9V pa 9V. Mukapyola mwaipha kamera, monga zinachitikira amalume aja. Mukachepetsa, mwachitsanzo 9V ya router pa kamera ya 12V, mwina siipha koma izivuta, kuyaka nkuzima, chithunzi chamizeremizere, usiku osaona. Ena mwina munaonapo pa mapepala a makamera polembedwa 12V ±10% kapena ±25%. Zimenezo zikutanthauza kuti kamerayo imapirira moto ukatsika kapena kukwera pang'ono, ya ±25% imagwira ntchito kuyambira 9V mpaka 15V, koma si chilolezo choti mukagule adaputa ya 15V ayi, mpata umenewo anausiyira moto wotayika mu waya, tikambirana pansipa. Ndipo 19V ya laputopu ili kunja kwa malire onsewa.

Onaninso ngati ndi DC kapena AC. Nthawi zina salemba zilembo, amangojambula chizindikiro. DC ndi kamzere kowongoka pamwamba ndi timizere todukaduka pansi pake, AC ndi kamzere kokhotakhota ngati kanjoka. Izi ndikuzinena chifukwa m'nyumba zambiri za kumayadi, Avondale, Mount Pleasant, Greendale ndi kwina, momwe abale athu ambiri amagwira ntchito, mumapezeka ma transformer a alamu otulutsa 16V AC ndi ma adaputa ena akale otulutsa 12V AC. Nambala ikuoneka ngati yomweyo koma moto wake ndi wamtundu wina, kamera ya DC siufuna.

Pa ma amps ndi pamene anthu ambiri amasokoneza, ndipo amasokoneza mozondoka. Munthu amaopa adaputa ya 12V 2A kuti iotcha kamera ya 0.5A, nkumakasaka yaing'ono. Ayi achimwene, sizili choncho. Ganizirani tanki ya madzi ya pa borehole. Kaya tanki ndi ya malita 1000 kaya 5000, inu mukapita ndi ndowa mumatunga ndowa imodzi, tanki siikukakamizani madzi. Ma amps olembedwa pa adaputa ndi kukula kwa tanki, kamera imatunga okhawo omwe ikufuna. Ma volts ndiye ali ngati mphamvu yomwe madzi akutuluka nayo, ikakula kwambiri paipi imaphulika. Choncho ma amps a adaputa akhale ofanana kapena ochuluka kuposa a kamera, asachepe. Akachepa adaputa imagwira ntchito yoposa msinkhu wake, imatentha, moto umatsika, mapeto ake imafa.

Ngati pa kamera alemba ma watts okha, masamu ake ndi osavuta, gawani ma watts ndi ma volts. Kamera ya 6W pa 12V ndi 0.5A. Ya 12W pa 12V ndi 1A. Mukapeza nambalayo onjezerani pang'ono, ine ndimaonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa adaputa yomwe ikugwira ntchito usana ndi usiku, kutentha kwa mu October kuli pomwepo, siyenera kumakhala pa mapeto a mphamvu yake nthawi zonse. Ndiye kamera imodzi ya 0.5A ipatseni ya 1A. Ngati mukugwiritsa ntchito kawaya kogawa kaja, kotuluka kamodzi nkugawikana panayi, phatikizani makamera onse. Anayi a 0.5A ndi 2A, ndiye gulani ya 3A kapena 5A. Asanu ndi atatu ndi 4A, apa ine ndimakonda bokosi lachitsulo lija la 10A lomwe kamera iliyonse ili ndi fyuzi yakeyake, chifukwa waya mmodzi akagundana kapena kulowa madzi, kamera imodzi yokha ndi imene imazima, osati onse. Makamera oonetsa mitundu usiku okhala ndi nyale zoyera, ndi aja oona patali mamita 60 kapena 80, amadya kwambiri kuposa timakamera ta pakhonde, choncho werengani aliyense payekha musangochulukitsa nambala imodzi.

Ndinenepo chinthu china chomwe chimandidetsa nkhawa. Si adaputa iliyonse yomwe imatulutsa zomwe yalembedwa. Ndagwirapo zina zolembedwa 12V 5A koma kupepuka ngati bokosi la machesi, mukaika makamera awiri okha yayamba kale kutentha moti simungaigwire. Mukamagula kutawuni inyamuleni m'manja muimve kulemera kwake, onani ngati waya wake ndi wonenepa bwino, ndipo pemphani kuti akuyesereni muli pomwepo. Yotchipa kwambiri imadzakudyerani kamera yodula.

Chotsatira ndi mbali ya + ndi –. Moto wa DC uli ndi kolowera ndi kotulukira, mukazondotsa zinthu zimapsa. Pa adaputa pali kachithunzi kakang'ono, kadontho pakati kozunguliridwa ndi chinthu ngati chilembo C, ndi mizere iwiri yopita ku + ndi ku –. Onani mzere wochokera pa kadontho ka pakati kuti ukupita kuti. Ukapita ku + ndiye kuti pakati pa pulagi ndi +, ndipo makamera a CCTV pafupifupi onse amafuna choncho. Koma zilipo zozondoka. Anyamata oimba ku tchalitchi mukudziwa, ma adaputa a 9V a ma pedal a gitala pakati pake ndi –, komanso a makiyibodi ena akale. Palinso ma adaputa aja osintha timitu, okhala ndi kabatani kosankhira 3V mpaka 12V, kamutu kake mukakazondotsa mbali nazonso zimazondoka, ndipo kabatani kaja mwana akhoza kukasuntha inu osadziwa. Amenewo ine sindiwaika pa kamera yokhalitsa. Makamera ena ali ndi chitetezo mkati moti mukazondotsa amangokana kuyaka, koma ena alibe, ndipo simungadziwe yanu ili mbali iti mpaka itapsa.

Ngati mukulumikiza nokha mawaya pa timapulagi tobiriwira tomangira ndi masikuluwu tija, pali chizindikiro cha + ndi – pa pulasitiki pomwepo, wofiira apite ku +, wakuda ku –. Mawaya ena ndi akuda onse awiri, wina ali ndi kamzere koyera. Kamzere kameneko musakakhulupirire, makampani ena amaika pa +, ena pa –, yezani.

Kukula kwa pulagi nakonso kuli ndi kamsampha. Makamera ambiri amagwiritsa ntchito ya 5.5mm kunja ndi 2.1mm bowo la mkati. Ilipo inzake ya 5.5mm kunja koma bowo ndi 2.5mm, ndi maso simungasiyanitse. Ya 2.5mm imalowa pa kamera ya 2.1mm koma mkati imakhala yolobodoka, ndiye kamera imayaka, mphepo ikagwedeza waya yazima, kenako yayakanso, munthu nkumati kamera yafa pomwe ndi pulagi. Mukalowetsa igwedezeni pang'ono mukuyang'ana chithunzi, chikaphethira dziwani kuti sizikugwirana bwino.

Zonsezi tawerenga ndi maso, tsopano tiyeze. Multimeter ndi chida choyezera moto chomwe ndimalimbikitsa aliyense wokhala ndi makamera kapena sola kuti akhale nacho, yotchipa yomwe imakwana pa ntchito imeneyi. Waya wakuda mulowetse pa bowo la COM, wofiira pa bowo la V, osati pa bowo la 10A chonde, mukalakwitsa pamenepo mumagundanitsa moto. Tembenuzani kuloza pa DC volts, pa 20. Ngati mukukayika kuti adaputayo mwina ndi yoposa 20V yambirani pa 200. Ikani adaputa pa soketi, kamera musanailumikize. Nsonga yofiira ilowe mkati mwa bowo la pulagi, yakuda igunde chitsulo chakunja, ndipo samalani nsonga ziwirizo zisakhudzane. Mukaona 12.0 mpaka 12.5 zili bwino, ndipo mwatsimikiza kuti pakati ndi +. Mukaona nambala yomweyo koma kutsogolo kuli chizindikiro cha –, mbali ndi zozondoka, isiyeni. Mukaona 15, 16 kapena 17 pa adaputa yolembedwa 12V, kawirikawiri ndi zakale zolemera zija za transformer mkati, zomwe moto wake umakwera zikakhala zopanda katundu wokwanira, imeneyo pa kamera ayi. Nambala ikamangovinavina osakhazikika, adaputayo yatopa. Ndipo musatsegule adaputa kuti muone mkati, muli ma capacitor osunga moto wa mphamvu ngakhale mwaizula pa khoma.

Koma kuyeza kumeneku ndi theka chabe la ntchito, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Adaputa ikhoza kuonetsa 12V yabwinobwino ili yokha, koma kamera ikayamba kutunga moto nkugwa. Komanso moto womwe ukutuluka pa adaputa si womwe ukufika ku kamera, wina umatayika m'njira, ndipo waya akakhala wautali komanso wopyapyala umatayika wambiri. Tiyeni tiwerengere. Kamera ili pa geti mamita 50 kuchokera m'nyumba. Moto umapita nkubwerera, ndiye ulendo wake ndi mamita 100. Waya wa kopa wa 0.5mm² pa mtunda umenewo, kamera ikamadya 0.5A, amataya pafupifupi 1.75V, ku kamera kumafika 10.25V basi. Waya wa 0.75mm² amataya pafupifupi 1.2V. Mukagwiritsa ntchito timawaya tiwiri tokha ta mu waya wa network uja wotchedwa Cat5 pa mtunda womwewo mumataya cha m'ma 4V, kamera nkumalandira 8V. Ndipo masamu onsewa ndi a kopa weniweni. Mawaya ambiri otchipa ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba, pa katoni amalemba CCA, amenewo amataya kwambiri kuposa apa. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni, mkati mukaoneka moyera ngati siliva mwadziwa chomwe mwagula.

Ndiye muyeso weniweni uchitike ku mapeto a waya, pafupi ndi kamera, kamera ikuyaka komanso nyale zake za usiku zitayaka. Masana kamera imadya pang'ono, kukada timanyale ta infrared tija tikayaka ndi pamene imadya kwambiri. Nchifukwa chake dandaulo lomwe ndimalimva kawirikawiri ndi loti masana ikuonetsa bwino koma ikangokwana 6 koloko madzulo yazima, kapena ikungozima nkuyaka usiku wonse. Wakuba amabwera usiku womwewo, ndiye kamera yotere ili ngati mlonda wogona. Simufunika kudikira mdima kuti muyeze, phimbani kutsogolo kwa kamera ndi dzanja kapena nsalu yakuda, mumva kaphokoso koti tcha mkati mwake ndipo timanyale tiyamba kufiira, pamenepo yezani pa masikuluwu a kapulagi kobiriwira kaja, kapena pa mutu wina wa kawaya kogawa. Ine ndikapeza pansi pa 11V sindichoka ndisanakonze. Kukonza kwake ndi kuika waya wonenepa, kapena ngati ndi Cat5 kuphatikiza timawaya tingapo mbali iliyonse, kapena kusuntha adaputa ikakhale pafupi ndi kamera mu kabokosi kosalowa madzi. Mabokosi achitsulo ambiri ali ndi kasikuluwu kolembedwa V ADJ kokwezera moto pang'ono, mukhoza kukweza kufika cha m'ma 13V kuti yakutali ilandire wokwanira, koma kumbukirani kuti kamera yapafupi nayo ilandira wokwerawo, yezani zonse ziwiri. Ndipo mu bokosi limenelo muli mbali ya 230V yosaphimba bwino, ngati simunazolowere itanani wodziwa.

Mukalumikiza zonse, siyani zigwire ntchito kwa ola limodzi kenako gwirani adaputa. Kufunda ndi kwabwinobwino. Kutentha koti dzanja silingakhalepo, kafungo, kapena kulira kwa tsiii, zimenezo zikukuuzani kuti yachepa kapena ndi yosalongosoka.

Tikambeko za sola, poti masiku ano ndi kuthima kwa magetsi kuja nyumba zambiri ku Epworth, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi kwina kuli ka panel ndi batire. Anthu amati batire ndi la 12V, kamera ndi ya 12V, ndiye tingolumikiza. Vuto ndi loti batire la 12V silikhala pa 12V. Masana likamatchajidwa limakwera kufika 14.4V, la lithium mpaka 14.6V, ndipo m'bandakucha likatopa limatsika kufika cha m'ma 11V kapena kuchepera apo. Kamera ya ±25% ipirira, ya ±10% malire ake ndi 13.2V ndiye mukuizunza tsiku ndi tsiku. Njira yabwino ndi kuika pakati ka regulator kotulutsa 12V yokhazikika kaya batire lakwera kaya latsika, ndi fyuzi pafupi ndi batire, chifukwa batire likagundana waya amafiira ngati mbaula. Ngati sola yanu ndi ya 24V kapena 48V musayerekeze kulumikiza mwachindunji, komanso musatenge moto pa batire limodzi mwa awiri olumikizana, mumapha batire limenelo msanga. Ndipo kamera isalumikizidwe ku panel mwachindunji, panel yotchedwa ya 12V dzuwa likawala imatulutsa 18V mpaka kupyola 20V. Tima UPS ting'onoting'ono ta router tija, timabokosi ta batire topereka moto magetsi akathima, timathandiza pa kamera imodzi kapena ziwiri, koma tili ndi mabowo a 5V, 9V ndi 12V, tina tili ndi kabatani kosinthira, ndiye yezani bowo lomwe mukufuna musanalumikize ndipo onani ma amps ake.

Makamera a IP olandira moto kudzera mu waya wa network, omwe amati PoE, ali ndi malamulo awo. PoE yovomerezeka imayenda pa moto wa cha m'ma 48V, koma switch, bokosi lomwe mawaya a network amalowamo, imayamba yafunsana ndi kamera isanatumize, ndiye siotcha chinthu chosayenera. Onani pa kamera ndi pa switch ngati palembedwa 802.3af kapena 802.3at. Ya af, yomwe inakhazikitsidwa mu 2003, imatulutsa 15.4W pa bowo lililonse ndipo ku kamera kumafika mpaka 12.95W, yokwanira makamera wamba. Ya at ya mu 2009 imatulutsa 30W, kukafika 25.5W, ndi yomwe ma PTZ ang'onoang'ono amafuna. Switch ya at imayendetsa kamera ya af popanda vuto, koma ya af singakwanitse kamera yofuna at. Onaninso ma watts a switch yonse pamodzi, chifukwa mabowo asanu ndi atatu sizitanthauza kuti onse angatulutse mphamvu yonse nthawi imodzi. Waya asapyole mamita 100. Choopsa ndi ma injector, timabokosi tolowetsa moto mu waya wa network, aja obwera ndi ma antena a WiFi a padenga, olembedwa 24V passive PoE, amenewo safunsa, amangotumiza moto, musawaike pa kamera pokhapokha kamerayo italembedwa kuti imafuna zimenezo.

DVR, bokosi losunga zomwe makamera ajambula, musaiiwale. Nayo ili ndi adaputa yake ndipo ndibwino isagawane ndi makamera. Hard disk ikamayamba kuzungulira imakoka moto wambiri kwa kanthawi, pafupifupi 2A pa zikuluzikulu zija, ndiye adaputa ikakhala yofooka DVR imayaka, zithunzi zikuoneka pa TV, koma ikungolira bii bii ndipo sikusunga kanthu, mumadzazindikira tsiku lomwe mwaberedwa. Ma DVR ena ali ndi pulagi ya mano anayi, ndipo kayalidwe ka + ndi – pa manowo kamasiyana kampani ndi kampani, fananitsani kachithunzi ka pa adaputa yakale ndi ka yatsopano. Ma NVR, omwe ndi ma DVR a makamera a network, a PoE ambiri adaputa yake ndi ya 48V kupita mtsogolo, imeneyo ikasochera nkulowa pa kamera ya 12V palibe chopulumuka.

Kwa anzanga ojambula maukwati, zinkhoswe ndi mapemphero a pa Facebook ku tchalitchi, malamulo ndi omwewa. Batire la Canon LP-E6 ndi la 7.2V, la Sony NP-FW50 chimodzimodzi, ndiye ka dummy battery kolowa m'malo mwa batire kamafuna moto wa cha m'ma 8V, osati 12V ya CCTV ngakhale pulagi italowa. Gulani kogwirizana ndi nambala ya batire la kamera yanu pamodzi ndi adaputa yake, ndipo yezani musanalowetse mu kamera ya madola mazanamazana. Makamera atsopano otchajidwa pa USB-C ambiri amafuna tchaja kapena power bank yolembedwa PD, tchaja wamba ya foni ya 5V mwina itchaja kamera ili yozima koma siingaiyendetse mukujambula.

Chomaliza ndi chitetezo cha ku khoma, chifukwa adaputa ya amalume aja sinafe yokha. Magetsi akamabwerera atathima nthawi zina amabwera mokankha, ndipo nyengo ya mvula kuyambira November mpaka March ziphaliwali za kuno mukuzidziwa. Ikani surge protector, yoteteza zida moto ukabwera mokankha, kapena kachida kaja timaika pa fuliji kodikira mphindi zingapo magetsi akabwera kasanatsegule moto, DVR ndi ma adaputa onse adutsire pamenepo. Polumikizira mawaya panja pakhale mu kabokosi, osati kungokulunga ndi pepala la pulasitiki, madzi akalowa amadya chitsulo nkubiriwira ndipo moto umatsikanso pomwepo.

Kwa amalume aja tinagula kamera imodzi yatsopano, tinachotsa timaadaputa tinayi tosiyanasiyana nkuika bokosi limodzi la 12V 10A la mafyuzi, ndipo waya wa ku geti tinasintha chifukwa nditaphimba kamera ndi chipewa changa mita inaonetsa 9.8V yokha. Titasintha inafika 11.6V. Kenako ndinatenga tepi ya pepala ndi cholembera, tinakhala pakhonde ndi mdzukulu wawo nkulemba pa adaputa iliyonse ya m'nyumbamo, iyi ya laputopu 19V, iyi ya router 9V, iyi ya decoder 12V, iyi ya DVR, ndipo zomwe sitinadziwe kuti ndi za chiyani tinaziika mu jumbo ina payokha kutali ndi dilowa lija.